Tsiku Limene Ndinaluma Waya wa Intaneti

Inu amene mumati ine Nabanda ndimathira mchere wambiri m'nkhani, sendezani benchi kuno, chifukwa iyi inandisowetsa tulo mpaka tambala kulira, ndipo bodza silisowetsa munthu tulo.

Ndimachapa ndi kusita pa loji ina ku Senga Bay, ganyu chabe. Sabata imeneyo zipinda zonse zinadzaza alendo a msonkhano, ndiye Lachitatu m'mawa intaneti inangoti zii. Amanijala anati alendo akasamukira kwina, oyamba kubwerera kunyumba ndife aganyu. Ine mwana wanga Tadala ali kumsana, bambo ake ali kokawedza ku chilumba cha Mbenji kumene mkazi saponda.

Amanijala anaimbira a Mwale, katswiri wa makompyuta ku Lilongwe, ine ndikukolopa pakhomo, makutu ali tcheru. A Mwale anati, "Bwana, m'kompyuta ya muofesiyo muli swichi, si yachitsulo, ndi pulogalamu. Uthenga wa mlendo aliyense imauvula dzina n'kuutumiza kunja m'dzina limodzi la loji, koma imasunga kuti uwu ndi wa uje. Yankho likabwera imalipereka kwa mwini wake. Ikafa, palibe chituluka, palibe chilowa. Ine ndifika Lachisanu."

Ndinaponya mopu pansi. Imeneyo n'kukhala ntchito? Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma ndakulira pamchenga pomwe amayi makumi awiri amakweza matumba a usipa pa lole imodzi m'dzina la dalaivala, aliyense atamangirira kansanza kake, ndipo matumbawo akabwerera palibe amene amatenga la mnzake.

Waya wochokera kuzipinda ndinaulowetsa m'khutu, wopita kunja ndinauluma ndi mano, mukumva? Uthenga ukalowa m'khutu ndimaumangira mfundo pachitenje, yaing'ono ya chipinda chachitatu, yopotoka ya mayi wina wamagalasi, kenako ndimaulavulira m'waya m'dzina la loji, ndipo mayankho atayamba kukhamukira kuchokera ku Lilongwe, ku Joni, ku Dubai, otentha ngati mbatata yapamoto, chala changa chimangogwira mfundo yake n'kuliponya yankho pawindo la mwini wake, uku dzanja linali likusita mashiti, phazi likukolopa, Tadala akuyamwa osadziwa kanthu. Pamsonkhanopo panali a Phiri awiri amene anatumiza nthawi imodzi ku banki imodzi. Wina ndinamumangira mfundo ya asodzi, wina ya nkhuni, ndipo palibe anaona za mnzake.

Masana kunabwera uthenga wina wovala suti, ukuti ndine yankho la chipinda chachisanu. Ndinapapasa chitenje chonse, mfundo yake panalibe. "Wakuitana ndani?" ndinaufunsa. Ndinaumenya theche moti unadumpha nyanja, n'kukagwa pa Mbenji, ndipo bambo a Tadala angachitire umboni kuti tsiku limenelo kunagwa chinthu chimene chinabalalitsa utaka wonse.

Chitenje chitadzaza mfundo ndinayamba kumasula za anthu amene anali atatsanzikana kale, zitatha ndinamanga lamba wa amanijala, makatani, ndevu za mlonda, mpaka mchira wa nyani amene anachokera ku nkhalango ya Kuti kudzaonerera. Mukuseka chiyani? Mlendo ngakhale mmodzi sanasamuke. Amanijala anati, "Mayi a Tadala, mawa mupitirize, mpaka Lachisanu."

Mawu amenewo ndiwo anandisowetsa tulo. Nsagwada zinali zitatupa, khutu likulira ngati njuchi, ndipo ndimadziwa kuti tsiku lachiwiri sindilimaliza, ganyu athera pomwepo. Ndinagona chagada n'kumadzifunsa chimene chinapha kompyuta ija, ine amene ntchentche siidutsa pa mwana wanga osaiona. Ndipo ndinakumbukira. Soketi ya kochapira inapsa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa ndinakasitira muofesi, kuseri kwa kabati ndinapeza soketi ili ndi pulagi yakuda yafumbi, yooneka kuti ilibe ntchito.

Kutangocha ndinabereka Tadala, ndinakwera kabaza, ndinafika amanijala asanadzuke. Ndinagwada kuseri kwa kabati, ndinazula ayironi, ndinabwezera pulagi yakuda ija, timagetsi tobiriwira ta pa kompyuta ija tinayamba kuphethira. Ayironi ndinaikulunga m'chitenje cha mfundo chija n'kupita nayo kochapira, ndikuyenda monga munthu amene wangofika kumene.