Chikwangwani Chanu Chayamba Ntchito

Kwa Bwana Mkulu Woteteza Nyumba Zakale,

Bwana, ndagwada. Pepani kuti ine mwana wadzulodzuloli ndikufunsa zimene akuluakulu a mumsewu mwathu amangovomera: kodi lamulo lanu loletsa kukhoma ngakhale msomali umodzi pa nyumba zakale, chiswe munachiwerengera?

Kwathu ndi m'nyumba yosanja ija ya khonde la m'mwamba, la matabwa osemedwa maluwa. Pansi pa khondelo mpamene amayi anga amasokera zovala. Ine ndinaphunzira zomangamanga, ngakhale digiriyo pakadali pano ikugwira ntchito yobisa mng'alu pakhoma.

Choyamba, zikomo potiletsa kusintha mtanda umene wanyamula khondelo. Chiswe chikupereka moni. Chikudya mwaufulu, moti m'mawa uliwonse amayi amayamba asasa utuchi pa madiresi a eni ake. Ndikati asamukire kuseri, amati, "Iwe, makasitomala anandizolowera pompano usanabadwe. Udya digiri yakoyo?"

Chachiwiri, zikomo potitumizira mnyamata wanu wa nsapato zosongoka. Anajambula maluwa aja mbali zonse, nati ndi chuma cha dziko. Nditamupempha kuti aime pansi pa chumacho ndimujambule, anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Chachitatu, tikunyadira kuti nyumba ya anansi athu, a kalipentala, inagwa mwezi watha ili momwe anaimangira makolo, yopanda msomali wachilendo ngakhale umodzi. Mbiri yasungika, Bwana. Ana akuphikira masanje pa njerwa zake.

Mukuti tidikire komiti yopereka chilolezo chokonza nyumba. Nawo amalume akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu nkhono ili ndi mwayi: nyumba yake ikang'aluka, sipempha chilolezo kwa munthu.

Ndiye dzulo, khonde litalira kuti kwee! amayi ali pa makina, ndinatenga khasu. Ndinazula chikwangwani chanu chija cholembedwa kuti "Nyumba Yotetezedwa", cha mzati wachitsulo wonenepa bwino, n'kuchirikiza nacho mtandawo. Msomali sindinakhome, lamulo ndimaliopa. Khonde lasiya kulira, amayi akusoka uku akuimba. Ndakunyadirani, Bwana: aka n'koyamba ofesi yanu kunyamula kanthu mumsewu muno.

Pempho langa n'laling'ono. Mutitumizireko zikwangwani zina ziwiri mvula isanayambe. Mulembepo mawu alionse amene komiti ingakonde, bola mizati ikhale yaitali.

Ine wanu wogwada koma wofulumira,
Mwana wa atelala a pansi pa khonde