Tsiku limene ndinaphika supageti ngati mpunga

Mpaka lero kwawo kwa mkazi wanga ku Malosa amanditcha a Chigumu, ndipo amene anandiputira dzinali ndi a Chikopa, mnzanga wa ku ofesi.

A Chikopawo anapitako kunja sabata ziwiri zokha, koma nkhani zake tinazimva chaka chathunthu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, chakudya chosavuta ndi supageti wa nsomba za m'nyanja yamchere. Tomato, anyezi, adyo pang'ono, basi. Mkazi akangolawa sakusiyani." Mawuwo ndinawasunga, chifukwa Loweruka lakelo Tiyamike, chibwenzi changa, amabwera ndi azakhali ake kudzaona kumene ndinkakhala. Azakhaliwo ndi amene anamulera, ndipo akanati toto, za ukwati zikanathera pomwepo.

Tsono nsomba za m'nyanja yamchere ku Zomba kuno ndikanazipeza kuti? Ndinaganiza mwanzeru (ndimmene ndinkadzionera nthawi imeneyo) kuti Chilwa nayonso madzi ake ndi amchere. Ndinatsikira kumsika n'kugula mulu wa matemba ouma ndi paketi ya supageti.

Loweruka kunacha magetsi atazima, ndiye ndinakoleza mbaula. Apa mundimvetse bwino. A Chikopa sanandiuze kuti supageti amafuna madzi ambiri, komanso kuti akapsa madziwo umakhetsa. Ine chimene ndinkadziwa kuphika ndi mpunga, ndipo kwathu sindinaonepo munthu akutaya madzi a mpunga. Ndinathyolathyola timitengoto, n'kuthira madzi ongokwanira kumiza, n'kudikira kuti aphwe. Ataphwa ndinaponyamo matemba ndi tomato, n'kuvundikira, n'kusanja makala amoto pamwamba pa chivundikiro monga amachitira mayi anga. Kenako ndinakasamba ndikuimba mluzu. (Zoti matemba amayamba atsukidwa ndi madzi otentha ndinazikumbukira sopo ali kumaso.)

Alendo atafika ndinawakhazika bwinobwino, n'kupita kukavundukula poto. Abale, supageti munalibemo. Munali chinthu chimodzi chozungulira, cholimba, chofiirira pamwamba, timitu ta matemba titasuzumira uku ndi uku. Ndinayesa kupakula ndi sipuni, chinakana. Ndinavundikiza potoyo pambale, chinagwa chonse pamodzi kuti phi! Mtima unandipweteka, koma m'nyumbamo munalibe china chilichonse chodya.

Tiyamike ananditsatira n'kunong'ona, "Kodi chimenechi n'chiyani?"

"Chakudya chakunja," ndinayankha.

"Kunja kwake kuti? Kuseri kwa nyumbayi?"

Ndinangonyamula mbale n'kukaika patebulo. Azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, tandibwerekani mpeni." Anadula chidutswa monga timadulira chigumu, n'kuluma. Kulira kwa mchenga wa ku Chilwa m'mano mwawo ndinakumva ndili pampando wanga. Anatafuna ndithu mayi aja, anameza, n'kumwa madzi kapu yonse.

"Chigumu chansomba ndiye sindinadyepo chibadwire," anatero. "Kodi mumadya zimenezi masiku onse?"

Ndinati eya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndikudziwa kuti mkazi wandipulumuka. Kenako anatembenukira kwa Tiyamike.

"Iwe, usachedwe. Munthuyu akakhala yekha miyezi ina itatu, tidzabwera kumaliro m'malo mwa chinkhoswe."

Lolemba ndinawapeza a Chikopa ndili wolusa. Iwo anangoti, "Aaa, achimwene, simunawerenge papaketi? Zonse analemba pamenepo." N'kutheka analembadi. Paketiyo ndi imene ndinakolezera mbaula.

Pa chinthu chimodzi a Chikopa sananame: mkazi sanandisiye. Koma zaka zonsezi kukhitchini ndimangololedwa kutsuka mbale. Ndipo ndikamuona Tiyamike akukhetsa madzi a supageti, ndimalephera kuugwira mtima, ndimamufunsabe ngati sizikanatheka kungodikira kuti aphwe.