Waya Amene Ndinadzala kwa Apongozi

Nkhani iyi ndinawaletsa ana anga kuikamba. Koma popeza akuikamba molakwitsa m'mabasi, bola ndidzichititse manyazi ndekha, mwaluso.

Anali masiku a Chitaganya. Ine Dominiko wa ku Nsanama, munthu wa Sitandade Thuu ndi theka, ndinali pachikamwini kwa Nsamala, kufupi ndi Balaka. Chimene ndinkalira pa dziko lino chinali chimodzi basi: chitengwa. Andilole kutenga mkazi wanga Felesiya tikakhale kwathu, kutsidya kwa Shire. Khasu la eni ake linali litandikwana.

Wopereka chilolezocho anali atsibweni ake a Felesiya, a Fabiyano, amene anali atangotsika sitima kuchokera ku Halale. Anabwera ndi chipewa, Chingerezi cha m'mphuno, ndi bokosi lolemera ngati mwana wa ng'ombe.

"Iyi ndi ampulifaya," anatero. "Ukailumikiza ku galamafoni, nyimbo zimveka mpaka ku siteshoni. Koma amene ankandilumikizira anatsala ku Halale."

Apa pakamwa panga panadzuka mutu ukadali mtulo.

"Atsibweni, zazing'ono izi! I know it very much. Ine za mawaya ndinagwirapo ku njanji."

Sindinaname kwenikweni. Ndinasenzapo mitengo ya telegalafu, mpaka kapitawo anatopa nane.

"Gudu," anatero atsibweni. "Ikalira lero, za chitengwa zija tikambirana. Ine ndikukaitana anzanga adzaone."

Ndinatsala ndi bokosi ndi galu wa apongozi, dzina lake Mwandida. Galuyu musamupeputse. Mwambo sulola apongozi aakazi kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye apongozi anga a Nasibeko mawu onse ofuna kundiuza ankauza galu, ine ndili pomwepo. Nanenso ndinkayankhira kwa galu. Mwandida ndiye anali positi ofesi ya banja lathu.

M'bokosimo munali mababu ataliatali ataima pamzere ngati asilikali, kumbuyo kuli zilembo. Polembedwa BATTERY ndinamangapo batire la lole. Polembedwa SPEAKER ndinamangapo waya wautali, n'kumutulutsira pazenera mpaka pa mtengo wa mango pabwalo, n'kupachika chisipika cha kukamwa ngati lipenga. Pansi pa mtengowo apongozi ndi amayi a mumpingo anali kuphika thobwa la alendo. Polembedwa MIC ndinalowetsapo kachitsulo kolankhulira, kofanana ndi mutu wa mlamba.

Panatsala EARTH. Ameneyu atsibweni anali atanena kuti amakhomedwa pansi n'kuthirapo madzi. Ndinakhoma chitsulo kuseri kwa nyumba, kumangirirapo waya, n'kuyamba kuthirira.

Apongozi akudutsa ndi nkhuni anaima.

"Mwandida, taona zodabwitsa. Chinangwa chinawakanika, lero adzala waya. Akuthirira ndithu!"

"Mwandida," ndinayankha ine, "uwauze kuti izi ndi za sayansi."

Ndinalowa m'nyumba, galu pambuyo, n'kutseka chitseko. Ndinayatsa swichi.

"Halo, halo!"

Zii.

Ndinazimitsa, kuyatsanso. "Halo!" Zii. Kuzimitsa, kuyatsa. Kuzimitsa, kuyatsa. Palibe anandiuza kuti mababu amenewa amayamba afunda kaye ngati nkhalamba m'mwezi wa Juni, ndipo ine ndinkawadula tulo tisanathe. Potsiriza ndinangoisiya ili yoyaka, n'kukhala pansi, chitengwa changa chikuoneka chikukwera sitima popanda ine.

Mababu aja anayamba kufiira pang'onopang'ono. Bokosi n'kumati mmmmm.

"Mwandida," ndinatero, "chinthu ichi n'chakufa. Maso psuu, kung'ung'udza tsiku lonse, chanzeru osatuluka. Ndendende ngati apongozi anga."

Panja kunagunda chimawu ngati bingu:

"NDENDENDE NGATI APONGOZI ANGA!"

Tsono mumvetse, abale: ine ndinali ndisanadzimvepo mawu anga kuchokera kunja kwa mutu wanga. Nzeru zanga zonse za Sitandade Thuu ndi theka zinathamangira kwa mlamu wanga Lazaro, katswiri wotsanzira anthu. Ndinati basi, wabisala pazenera, wamva, akulengeza.

"Lazaro, khala chete!"

"LAZARO, KHALA CHETE!"

Mwano wotere!

"Ukunditsanzira ine ndi mawu a mbuzi ya chimfinewo?"

"MBUZI YA CHIMFINEWO?"

Mwandida analowa pansi pa tebulo. Ine ndinaona kuti ukali sukuthandiza, ndiye ndinayamba kupepesa, monong'ona, pakamwa nditayandikiza kwenikweni ku dzanja langa.

"Alamu, chonde tsitsani mawu. Amayi anu akamva, chitengwa chapita. Tisungirane ulemu. Kodi ine ndinaululapo kuti tambala wawo uja sanagwidwe ndi vumbwe, tinadya ife awiri?"

"TINADYA IFE AWIRI!"

Pabwalo panabuka chiphwete. Mayi wina mpaka anaimba nthungululu.

Chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Felesiya, mpango uli pambali.

"Bambo a Mariya, mwapenga?"

"Si ine, ndi Lazaro! Ali pazenera!"

"Lazaro wake uti? Lazaro ali kuchigayo ku Balaka chichokere m'mawa! Nanga icho mwagwiracho n'chiyani?"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Mutu wa mlamba uja unali phee, ukundiyang'ana.

"Mayo," ndinatero.

"MAYO," unavomera mtengo wa mango.

Nthawi yomweyo atsibweni anatulukira ndi anzawo, akuwefuka ndi chimwemwe.

"Yalira! Taimvera kunjanji uko! Mkamwini ndi injiniya weniweni!"

Ine munthu wosadziwa nthawi yofera, ndinati, "Ndiye atsibweni, za chitengwa zija..."

"Iyayi, pamenepo funsani achemwali anga. Tambala sanali wanga."

Anthu anapatuka pakhomo. Apongozi analowa pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa kukhoma monga mwa mwambo. Anatambasula dzanja kwa Felesiya, Felesiya n'kulanda kachitsulo kaja kwa ine, n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Mwandida," anatero apongozi, "lero upume, mwanawe. Mwambo unaletsa kulankhula ndi mkamwini. Kulankhula ndi chitsulo sunaletse."

Anakonza kukhosi.

"HALO, HALO, NSAMALA YENSE!"

Abale, amati sadziwa za sayansi! Anayambira tsiku limene ndinafika pamudzi ndi nsapato zobwereka. Anafotokoza za munda wanga, mmene udzu unkakuliramo mosangalala. Anafotokoza malungo anga odziwa kalendala, obwera nthawi yopalira n'kuchoka nthawi ya mowa. Tambala anam'lira ngati mwana wobereka okha, kutchula ndi maanga ake omwe. Amayi a mumpingo pabwalo ankangoyankha kuti "Amen!"

Ine ndinapemphera kwa oyera mtima onse kuti batire lithe. Silinathe. Ndinafunafuna ndi maso waya mmodzi wosamangika bwino. Panalibe. Ntchito imodzi yokha imene ndinaigwira bwino pamudzi umenewo inali imeneyo.

Pomaliza apongozi anafewetsa mawu.

"KOMA IFE SI ANTHU OIPA. ZA CHITENGWA TAVOMERA NDI MTIMA WONSE."

Felesiya anandigwira mkono.

"MKAMWINI ATENGA MKAZI WAKE TSIKU LIMENE WAYA ANADZALA UJA ADZABEREKE!"

Ndikulemba izi ndili kwa Nsamala konkuno, mutu uli mbuu ndi imvi. Mvula ikachedwa ndimakathirirabe, mwina mwake.

Chitsulo chikakhala chete musachiuze zakukhosi, abale: sichinafe, chikungofunda.