Chikwangwani cha Mkamwini

Lolemba

Linthipe, m'mphepete mwa msewu. Chiwaya chatentha, tchipisi chapsa, koma maminibasi onse akuima tsidya kwa Maliko. Tchipisi cha Maliko n'chofewa ngati phala. Chimene wandiposa ndi chikwangwani basi, chojambulidwa tambala wonenepa.

Amayi a Tadala, akazi anga, andipatsa mpaka Lamlungu. Zikapanda kusintha, chiwaya tipachika, ine ndibwerere kudimba la apongozi kukathirira kabichi. Chikwatirire ndili pachikamwini, dimba limenelo ndimalidziwa, msana wanga umalidziwa kuposa ine.

Ndaonera kanema pafoni. Akuti logo yabwino, chizindikiro cha bizinesi, ikhale:
chinthu chimodzi,
mitundu iwiri,
yoti dalaivala aizindikire ali pa liwiro.

Ndajambula pakatoni mbatatesi imodzi yachikasu, ikumwetulira, kumbuyo kwake kofiira. Luso ndili nalo, kungoti pamudzi pano saliona.

Lachiwiri

Ndalakwitsa, katoni ija ndinaisiya pakhonde. Apongozi aakazi aiona.

Ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso, ndi mwambo. Tikakumana panjira wina amapatukira patchire. Mawu awo amadzera mwa mwana wawo, ndipo njira imeneyi ndi yobwera yokhayokha, yobwerera kulibe.

"Amayi akuti mbatatesi siseka, ndi chakudya. Akutinso pamwamba pakhale mtanda, ife ndi a parishi ya ku Bembeke, tisaoneke ngati akunja."

Ndikuti akawauze kuti logo ndi chinthu chimodzi. Amayi a Tadala akungondiyang'ana. "Mbatatesi mumakazingazo zimachokera m'dimba la ndani?"

Mtanda walowa. Kumwetulira kwachoka.

Lachitatu

Atsibweni a akazi anga, eni mbumba, atulukira panjinga kuchokera ku Mayani. Matabwa a benchi langa anapereka ndi iwo, ndipo salola kuti ndiiwale.

"Akamwini, chakudya sichikhala pansi ngati mwala. Pojambulapo muchiike m'bokosi. Lamatabwa, lalitali bwino, anthu aone kuti banja lino lili ndi matabwa."

Kenako agwira mitundu. Wofiira ndi wachipani. Wachikasu wachipani china. Wabuluu ndiye musayerekeze, pamsewu pamadutsa aliyense, adzakugendani. Watsala woyera ndi wakuda.

Mlamu wanga Aginesi, amene amakongoletsa guwa kutchalitchi, akufuna maluwa mozungulira. Mtima ukuwawa, koma pakamwa pakungotuluka "zikomo, nzeru zimenezo". Mkamwini asamakule mwendo.

Lachinayi

Ndili ku Dedza paboma, kwa a Jafali olemba zikwangwani. Chifunga mpaka pakhomo, zala zauma. A Jafali ayang'ana katoni, andiyang'ana ine, ayang'ananso katoni.

"Bwana, mwatsimikiza?"

Ndikuti mbumba yatsimikiza.

Ayesa mbatatesi ndi penti wakuda, zikutuluka ngati manyi a mbuzi. Ayesa ndi woyera, mazira. Atopa nazo, ajambula chivundikiro n'kutseka bokosi lonse. "Anthu adziwa okha kuti m'katimo muli kanthu."

Malo atha. Mawu oti TCHIPISI alowa pansi penipeni, timalemba tonga nyerere. Dzina langa ndiye silinalowe n'komwe.

Lachisanu

Takhoma! Apongozi aima patali kuseri kwa mtengo, atumiza uthenga woti chakongola ngati kuparishi. Atsibweni akuuza aliyense wodutsa kuti bokosilo ndi nzeru zawo. Aginesi akujambula ndi foni.

Maliko watuluka, wayang'anitsitsa, wavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Nsanje imeneyo. Achita manyazi mawa, tsiku la msika.

Loweruka

Ndakazinga chiwaya chodzaza. Maminibasi akuchepetsa liwiro akafika pa ine, mtima wanga m'mwamba. Koma saima. Dalaivala wina watsitsa wailesi. Amayi ena pawindo achita chizindikiro cha mtanda.

Masana pikapu yaima. Atsika abambo atatu, maso ali psu. Ndawathamangira ndi foloko m'manja, kufunsa ngati afuna cha tsabola.

"Pepani achimwene, tataya bambo athu ku Linthipe kumtundaku. La munthu wamkulu muli nalo?"

Ndawoloka msewu, ndaima pa Maliko, ndayang'ana monga amayang'anira dalaivala.

Bokosi lalitali, lotseka.
Mtanda pamwamba.
Nkhata ya maluwa.
Chakuda ndi choyera.
Utsi wa chiwaya changa ukukwera kumbuyo kwake.

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Ndawapepesa anamfedwawo, ndawalozera kwa a Bizaliele, akalipentala a kuseri kwa msika. Dzuwa lisanalowe abweranso ena, ndawalozera komweko. Wogula tchipisi palibe. Ndani angadye chokazingidwa pamalo otere?

Tadala wadya mpaka kukana yekha.

Lamlungu

Potuluka Misa, a Bizaliele andigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti chiyambire ukalipentala sanaonepo tsiku ngati ladzulo, ndipo iwo ali kobisika, chimene amasowa ndi chikwangwani chotere. Ndawauza akazule. Akuti timalemba tapansi tija safufuta n'komwe, palibe amationa.

Uthenga wa apongozi wafika madzulo, kudzera njira yomwe ija. Akuti akamwini bizinesi saidziwa, anthu kuwakonzera chikwangwani chabwino chonchija iwo n'kukapatsa eni ake ena. Yankho ndili nalo, pokadzera palibe.

Chiwaya chapachikidwa kukhitchini. Khasu ndi ndowa aziika kale pakhomo panga, kuti ndisavutike kufunafuna.

Pobwera kumsika ndadutsa kwa a Bizaliele. Chikwangwani chili njo, pikapu yaima kale. Logo yanga ikugwira ntchito. Ine mawa kudimba.