Chitseko cha a Ken ku Foxton

Lolemba, 12 Novembala 2018
Ndikusambitsa a Ken, nkhalamba ya kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Nkhani ndi yomwe ija: kale ankapala zitseko zamatabwa zotsekera madzi m'ngalande, ku Foxton, komwe maboti amakwera phiri. Boti kukwera phiri! Kwathu tikanati ufiti. Akufuna aone ngati chitseko chawo chomaliza chikugwirabe madzi. Pakamwa panga posatsekapa palonjeza kuti Lamlungu tipita.

Lachiwiri
Akundiphunzitsa ndi makapu a tiyi: boti lilowa, utseka kumbuyo, uthira madzi, boti likwera. Tiyi yense pabulangeti. Wochapa ndine.
Zofunika: galimoto, wokankha wilitcheya, chilolezo cha manejala, dzuwa.

Lachitatu
Manejala akuti afunsa kaye mwana wa a Ken. Mwanayo foni sayankha. Dzuwa nalo silikuyankha.

Lachinayi
Achimwene a ku Oadby analonjeza galimoto. Lero: "Mlongo, kukaona zitseko? Kwanu ku Braunstone kulibe zitseko?" Galimoto yapita choncho. Mvula.

Lachisanu
A Ken apesa kale tsitsi, chipewa chili pamaondo. Ndikuwauza kuti ulendo ndi mkuja, akuti akudziwa. Akutsokomola moipa. Mtima wanga suli m'malo.

Loweruka
Awatengera kuchipatala, chifuwa. Powakweza mu ambulansi akundikoka dzanja: "Pita wekha, ukandionere." Chipewa chatsala pampando. Ndalira m'chimbudzi, manejala asandione.

Lamlungu
Kutchalitchi ndajomba. Ndakwera basi, kenako wapansi, matope mpaka m'akakolo. Ndafika. Madzi mulibe! Aphwetsa ngalande, akuti nyengo yozizira ndiyo yokonza. Pansi pali njerwa zakale, matope ndi nsapato imodzi. Chitseko cha a Ken achizula, chagona pa udzu, chakuda bii, chofumbwa, chala chikulowa. Chatsopano chikudikira pambali.

Madzulo kuchipatala. Akundiyang'ana ngati mwana wodikira mayi ochokera kumsika. Ndikuwauza kuti chilipo, cholimba, palibe dontho ndi limodzi lomwe.

"Wabodza iwe. Chinkadontha kuyambira tsiku lomwe tinachiika."

Akuseka mpaka nesi kubwera kudzandithamangitsa. Chipewa chawo chikadali m'chikwama changa, ndaiwala kuwapatsa. Mawa shifiti ya m'mawa, nsapato sizinaume.