Kutula Pansi Udindo kwa a Hiemstra

M'tauni yathu ya Wierdam simunakhalepo munthu wodziwa kutula pansi udindo ngati malemu a Sjoerd Hiemstra. Ntchito yawo inali yokonza njinga, koma chisankho chilichonse anthu ankawapatsa ukhansala, mwina pofuna choseketsa.

Anatulapo udindo chifukwa cha mtundu wa penti ya pa mlatho. Anatulanso chifukwa wina anawakhalira pampando. Ankaimirira, n'kumanga mabatani a jekete, n'kunena modekha kuti, "A meya, ine ndatula pansi udindo."

Meya wathu, Mayi Dijkhuis, sankadzutsa n'komwe mutu. "Zikomo a Hiemstra. Potuluka mutseke chitseko, kukulowa mphepo."

Mkuluyo ankangozungulira tchalitchi n'kubwerera.

"Anthu andichonderera kuti ndisasiye."

"Anthu ake ati?" ankafunsa meya.

"Wogulitsa tchizi uja, ndi galu wake."

Kunyumba akazi awo, a Aukje, ankawalandira ndi mpeni m'manja. "Lero mwatula?"

"Ndatula."

"Ndiye sendani mbatatesi izi, poti ndinu lova."

Kenaka kunabwera chaka chimene mabanki anagwa. Zinadziwika kuti khonsolo inasungitsa ndalama zomangira sukulu ndi nyumba ya okalamba ku banki ina ya kunja, ndipo zonse zinapita. Amene anakankha nkhaniyo anali a Roelof Bakema, mkulu woona za chuma. Makhansala onse anavomereza, kupatula a Hiemstra. Tsiku lovota iwo anali kuseri kwa tchalitchi, atatula pansi udindo chifukwa khofi wa pamsonkhano anali wozizira.

Pa msonkhano wokambirana za ndalamazo, holo inadzaza ndi makolo ndi nkhalamba za ndodo. A Bakema anati ino si nthawi yolozana zala. Meya anati kusiya ntchito pano n'kuthawa anthu pa mavuto. A Hiemstra ankayang'ana anzawo mmodzimmodzi, kudikira kuti wina aimirire, koma aliyense anali ataweramira tebulo. Nkhope yawo inatentha. Anaimirira iwo.

"Ndalama za anthu zapita, ndipo muno palibe amene akuchita manyazi. Ine ndinali panja pamene ndinayenera kukhala muno. Ndatula pansi udindo."

Holo yonse inafa ndi phwete. "Mukapereke moni kwa galu uja," anatero wina kumbuyo.

Ulendo umenewo sanabwerere. Nyuzipepala ya m'chigawo inalemba kuti khansala watula pansi udindo pa nkhani ya ndalama zosowa, ndipo inaika chithunzi chawo. A Bakema anauza atolankhani kuti akulemekeza munthu amene wazindikira mbali yake pa kusowa kwa ndalamazo. Anthu amene ankawadziwa a Hiemstra kuyambira ali ana anayamba kunong'onezana kuti wosalakwa sangachoke. Njinga zinasiya kubwera ku shopu. Wina analemba "mbava" pachitseko ndi penti yofiira, a Hiemstra n'kuifufuta okha.

A Aukje anapita kwa meya. "Mayi, mukudziwa kuti mwamuna wanga sanavote. Kawauzeni anthu."

"Ndikumva chisoni, Mayi Hiemstra, koma nkhaniyi ili m'manja mwa komiti yofufuza."

"Wapampando wa komitiyo ndani?"

"A Bakema."

A Hiemstra anamwalira m'nyengo yachisanu, komitiyo isanamalize ntchito. Pamaliro panali anthu ochepa. A Bakema, amene tsopano ali ndi ofesi yaikulu ku likulu la chigawo, anatumiza nkhata ya maluwa yoti anthu awiri anyamule. A Aukje anauza onyamulawo kuti aisiye kunja kwa mpanda wa manda.

Masiku ano misonkhano ya khonsolo imatha msanga. Manja amakwera onse pamodzi, n'kutsika pamodzi, ndipo mabenchi a anthu odzaonerera amakhala opanda munthu. Pa chisankho chapitachi makhansala onse aja anabwereramo. Meya anathokoza nzika chifukwa cha bata limene lili m'tauni muno.