Uta wa Mapaundi Makumi Asanu ndi Awiri

Pali sitolo ina kunja kwa mzinda wa Hamilton, kuno kumaiko a azungu, kumene mpaka lero amandidziwa ndi dzina limene mayi anga sanandipatse. Sindikuuzani dzinalo, koma nkhani yake imvani.

Ine ndimasamalira okalamba. Mnzanga wina wa kuntchito ankabwera ndi nyama ya gwape yowamba, ndipo nditailawa ndinati ayi, chaka chino ndikaphe wanga. Maphunziro a alenje ndinachita, chiphaso ndinatenga, kenako ndinalengeza pa gulu la amayi a kutchalitchi kuti ndiwo za pa Khirisimasi zili kwa ine. (Pakamwa pangapa, abale, palibe buleki.)

Loweruka lina tinapita kukagula uta ndi amuna anga, bambo a Chisomo. Wogulitsa, mzungu wachikulire wa ndevu zotuwa, anandifunsa kuti ndikufuna wa mapaundi angati. Anati ulipo wa makumi anayi mpaka asanu, wa asanu mpaka asanu ndi limodzi, ndi wa akatswiri wofika makumi asanu ndi awiri.

Ine ndinkayesa akunena kulemera kwa utawo pounyamula. Ndinaseka.

"Bambo, ine ndimalifita anthu akuluakulu shifiti yonse. Bweretsani waukuluwo."

"Mayi a Chisomo, tamverani kaye munthuyu," anatero bambo akunyumba.

"Inu ingogwirani chikwama changa."

Utawo utafika m'manja, unali wopepuka kuposa mpini wa khasu. Ndinayang'ana amuna anga monyada. Mkulu uja anafotokoza kuti mapaundiwo ndi mphamvu yofunika pokoka nsinga, koma ine makutu anali atatseka kale. Anatitengera kuseri komwe amayeserako, n'kundiikira muvi.

Ndinakoka. Nsinga sinasunthe. Ndinakokanso nditaluma mano, inasuntha pang'ono ngati chitseko cha galaja m'nyengo ya chisanu. Kachitatu ndinapinda msana, muvi unaloza kudenga, anyamata awiri amene ankayesa mauta awo anabwerera m'mbuyo. Nsinga itafika pafupi ndi khutu, mkono unakana. Inabwerera yokha mwamphamvu, ndipo pobwererapo inakola tsitsi.

Tsitsilo silinali lomera. Inali wigi yanga ya kutchalitchi.

Ndinamva kamphepo kozizira pamutu. Poyang'ana, wigi ikulendewera pa kagudumu ka kunsonga kwa uta, kamene nsinga imazungulirapo, ngati gologolo wogundidwa ndi galimoto, ine nditaima ndi timangongo ta masabata atatu. Bambo a Chisomo anabisa nkhope m'chikwama changa, mapewa akugwedezeka. (Akuti ankatsokomola. Nkhaniyo sinathebe kunyumba.)

Mkulu uja sanaseke, Mulungu amudalitse. Anakolola wigiyo mosamala, n'kundikhazika pa mpando.

"Uta wanu ndi umene mungaukoke mutakhala pansi, osadzutsa mapazi, osaloza kumwamba. Kutchire mudzakhala mutazizidwa, mutavala majekete awiri. Gwape sadikira kuti mulimbane ndi nsinga."

Ndinakoka wa makumi anayi mpaka asanu, wigi ili pamiyendo. Unabwera bwinobwino. Anamasula mabauti olimbitsira utawo kuti ndiyambire pansi, akuti mphamvu zikamakula ndizimanga pang'onopang'ono.

Chilimwe chonse ndinkapulakitisa ndikaweruka. Pofika Novembala ndinali nditamangako kangapo. M'mawa wina, pa munda wa achibale a mnzanga uja, gwape wamphongo anatulukira m'mitengo. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, koma nsinga inabwera mwakachetechete, ndipo muvi umodzi unakwana.

Pa Khirisimasi mapoto anapukutidwa. Amayi ena a ku Chipata, amene anandiseka kwambiri tsiku lolengeza lija, anabwera ndi mbale kachiwiri.

"Amake Chisomo, nanga kansi ndimwe alenje zoona!"

Ndinayankha modzichepetsa kuti zinali zophweka.

Mungaganize kuti ndinaphunzira kufunsa ndisanadzitame. Koma dzulo mnzanga yemweyo anatchula zokawedza nsomba pa madzi oundana mu Febuluwale, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti: "Ine? Ine sindimva kuzizira."